Mlendo Wodza ndi Anzake

Aliyense amene anaikapo gemu yatsopano m'kompyuta ya Windows akudziwa kamphindi kaja pamene ntchito ioneka ngati yatha, mtima nuyamba kukondwa, koma mwadzidzidzi kabokosi katulukira pakati pa sikirini ndi kunena kuti gemuyo siingayambe pokhapokha mwini kompyuta atalola kuti muikidwenso DirectX, kapena Visual C++ ya chaka chakutichakuti, kapena china chake cha dzina lovuta kutchula chimene akuti ndicho chiletsa obera pamasewero. Ndipo munthu, dzanja lili pa mausi, adzifunsa ngati kuvomera kuli kwanzeru, kapena ndiko kutsegulira mbala chitseko. Funso limeneli silinayambe dzulo. Latha zaka 30 lili m'kamwa mwa anthu, ndipo wofuna kuliyankha bwino ayambe wamva kumene mwambo wopemphawu unachokera, pakuti zopemphazo, zingakhale zidza m'kabokosi kamodzimodzi ndi mawu ofanana, si za mbumba imodzi ayi.

Gemu tingaiyerekeze ndi mlendo amene mwamuitana yekha, koma pofika pakhomo muona kuti pambuyo pake pali anthu ena atatu kapena anayi, ndipo iye akuti, awa ndiwo onyamula katundu wanga, uyu ndiye mlonda wanga, popanda iwowa sindilowa. Mwini nyumba waulemu sangawapirikitse onse, popeza mlendoyo anamufuna yekha, ndipo kapena anamulipirira kale ulendo. Komanso sangawayalire onse mphasa kuchipinda asanadziwe kuti uyu ndani, uyo ndani. Mbiri ya zaka zimenezi ionetsa chinthu chimene ambiri sachiyembekeza: onyamula katundu, amene agogoda mokweza ndi kutopetsa anthu ndi kupempha kwawo kosalekeza, sanaswe zambiri m'nyumba, koma alonda, amene ochuluka a iwo analowa chozemba osapereka ndi moni yemwe, ndiwo anasiya zitseko zapululu.

M'masiku a MS-DOS, m'zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990, gemu siinkapempha kanthu kwa munthu koma chipiriro chokha. Inkadza pa madisiki ake ili ndi zonse zofunika, nilankhula yokha ndi ziwalo za kompyuta popanda mkhalapakati. Chifukwa chake wolemba gemu anayenera kudziwa khadi lililonse la mawu ndi la zithunzi limene linali pamsika, ndi kulilembera malangizo akeake, ndipo wosewera naye anayenera kudziwa nambala za IRQ ndi DMA pamene Sound Blaster yake inakhala, apo ayi mfuti za m'gemumo zinkawomba popanda phokoso. Panalinso mpanda wa 640 KB, ndiwo malire a memory imene DOS inkapatsa pulogalamu mosavuta, kotero kuti achinyamata ambiri a nthawi imeneyo anaphunzira kusintha mafayilo a CONFIG.SYS ndi AUTOEXEC.BAT asanaphunzire kulemba kalata yofunsira ntchito. Doom, imene kampani ya id Software inatulutsa mu Disembala 1993, inkadza ndi kapulogalamu ka kampani ina, DOS/4GW, kothandiza kulumpha mpandawo. Koma kapulogalamuko kankadzuka gemu ikadzuka, nikagona gemu ikagona, ndipo kanalibe malo okhazikika m'kompyuta. Motero panalibe choti munthu afunsidwe.

Zinthu zinatembenuka pamene a Microsoft anafuna kuti magemu asamuke ku DOS, alowe mu Windows. Olemba magemu anakaniza, pakuti Windows inkaima pakati pa iwo ndi ziwalo za kompyuta nichedwetsa zithunzi. Ndipo kukana kwawo kunapeza mboni pa Khrisimasi ya 1994. Chaka chimenecho a Disney anatulutsa nthano ya The Lion King pa CD ya ana, yomangidwa pa kachipangizo ka Microsoft kotchedwa WinG, ndipo makolo ambiri ku America anaigula pamodzi ndi makompyuta atsopano a Compaq Presario. Koma m'mawa wa chikondwererocho, ana atazinga sikirini, pulogalamuyo inakana kuyenda m'makompyuta ochuluka, popeza ma driver a zithunzi amene analimo sanayesedwe ndi WinG. Mafoni a ku Disney analira tsiku lonse, ndipo olemba magemu anagwedeza mitu, nati, sitinanene kodi?

Pa nthawiyo amuna atatu a ku Microsoft, Alex St. John, Craig Eisler ndi Eric Engstrom, analikukonza njira ina, imene inatuluka mu Seputembala 1995 nidziwika ndi dzina la DirectX. Nzeru yake inali yakuti wolemba gemu aleke kulankhula ndi khadi lililonse palokha, alankhule ndi DirectX basi, ndipo wopanga khadi naye alembe driver womvana ndi DirectX yemweyo, kuti ntchito imene kale munthu aliyense ankaibwereza payekha ichitike kamodzi kokha, onse naitsamira. Pofuna kukopa okayika, a Microsoft anasamutsira Doom yomweyo mu Windows 95, ntchito imene anaitsogolera Gabe Newell, uja anadzayambitsa kampani ya Valve mu 1996. Ndipo Bill Gates mwini, munthu wosadziwika ndi nthabwala, anaoneka m'kafilimu ali m'kati mwa gemuyo, atavala chijasi chachitali, mfuti ili m'manja. Koma taonani vuto lake: Windows 95 yoyamba, imene inagulitsidwa kuyambira Ogasiti 1995, inalibe DirectX, anthu a intaneti anali owerengeka, ndipo iwo amene anali nayo ankaikoka pa waya wa telefoni pang'onopang'ono. Panatsala njira imodzi, ndiyo kulola ogulitsa magemu kuika DirectX pa CD ya gemu iliyonse, kuti gemuyo pofika ifunse ngati ingaike mnzakeyo. Pamenepo ndi pamene mwambo wathu unabadwira, ndipo unabadwa ndi cholinga choyera.

Sindikuti zaka zoyambazo zinali zamtendere. Mapulogalamu a Windows ankagawana mafayilo otchedwa DLL, amene ankakhala onse m'foda imodzi ya Windows. Ndipo gemu yolembedwa mosasamala inkatha kufika ndi fayilo yakale, niilemba pamwamba pa yatsopano ya dzina lomwelo, kotero kuti munthu amene anaika gemu ya magalimoto madzulo ankapeza m'mawa kuti pulogalamu yake yowerengera ndalama yafa, osadziwa chimene chaipha. Kumeneku kunali kuwononga kwenikweni, koma kwa manja olobodoka, kopanda chiwembu. A Microsoft anakutseka m'njira ziwiri: Windows 2000 inayamba kulondera mafayilo ake ndi kubwezeretsa amene asinthidwa, ndipo Windows XP, ya 2001, inalola kuti mitundu ingapo ya fayilo imodzi ikhale moyandikana, pulogalamu iliyonse nitenga wake. Ichi ndicho chifukwa chake munthu wotsegula mndandanda wa mapulogalamu m'kompyuta yake lero apezamo Visual C++ ya 2005, ya 2008, ya 2010, ya 2012 ndi ya 2013, iliyonse kawiri, ya 32-bit ndi ya 64-bit, nayesa kuti ndi zinyalala zobwerezabwereza, kapena kuti kompyuta yalowa vairasi. Si zinyalala ayi. Gemu yolembedwa ndi zida za 2008 ifuna mafayilo a 2008, ndipo a 2013 sangaime m'malo mwake. Kuyambira 2015 pokha ndi pamene a Microsoft anagwirizanitsa za zaka zotsatira kuti zikhale phukusi limodzi. Wozichotsa pofuna kuyeretsa kompyuta adzadabwa tsiku limene gemu yake yakale idzakana kudzuka.

Nkhani ya DirectX ndiyo isokoneza anthu koposa, ndipo iyenera kufotokozedwa modekha. Munthu ali ndi Windows yatsopano, imene ili kale ndi DirectX 12. Nanga bwanji gemu ya 2007 ipemphanso kuika DirectX 9, ndipo gemu inzake ya 2009 ipempha chomwecho, ngati kuti yoyamba ija siinaike kanthu? Yankho lili m'kagulu ka mafayilo othandizira kotchedwa D3DX, kamene sikali mbali ya Windows yeniyeniyo. Kuyambira Febuluwale 2005 a Microsoft ankatulutsa mtundu watsopano wa fayilo imeneyi miyezi ingapo iliyonse, uliwonse ndi nambala yake, kuyambira d3dx9_24.dll kufikira d3dx9_43.dll ya Juni 2010, ndiwo mafayilo 20 a DirectX 9 yokha. Ndipo gemu yomangidwa pa nambala 35 ifuna 35 yemweyo, osati 36, ngakhale 43. Pamwamba pa apo, pangano la Microsoft silinalole wogulitsa gemu kungoponya fayiloyo m'foda ya gemu yake. Linamukakamiza kuyendetsa pulogalamu ya Microsoft yoikira, imene iyang'ana chimene chikusowa, niika chokhacho, osagwetsa chatsopano chilichonse. A Valve anachita kufotokozera makasitomala awo zimenezi mu 2011, atatopa ndi madandaulo a anthu amene ankaona DirectX ikuikidwa pa gemu iliyonse ya pa Steam, msika wawo wa magemu. Kunena mosapsatira, pa zopempha zonse za magemu palibe chotopetsa ngati chimenechi, ndipo palibenso chosaopsa ngati chimenechi, malinga gemuyo yachokera kwa mwini wake weniweni.

Komatu kutopetsako kunali ndi mtengo wake, umene sunalembedwe pa bokosi la gemu iliyonse. Munthu amene wafunsidwa kambirimbiri, nayankha kuti inde, osaona choipa, aleka kuwerenga funso. Pamene Windows Vista inadza mu 2007 ndi kabokosi kaja kodetsa sikirini yonse ndi kufunsa ngati mulola pulogalamu kusintha zinthu m'kompyuta, cholinga chinali chakuti munthu aime kaye, aone dzina la wofalitsa pulogalamuyo, ngati lili lotsimikizika kapena losadziwika. Koma osewera anali atazolowera kale, chala nichimathamangira pa Yes maso asanafike pa dzinalo. Ndipo kabokosiko kafunsa ndi mawu amodzimodzi, kaya chofuna kulowacho ndi kafayilo kojambulira mithunzi, kaya ndi chinthu chofuna kukakhala pa phata penipeni pa Windows.

Tsono tiyeni kwa alonda. Chiyambire malonda a magemu, ogulitsa akhala akulimbana ndi okopera mwakuba, ndipo njira zawo zoyamba zinali zosavulaza, zina zoseketsa kumene: gemu inkafunsa mawu achitatu a mzere wachisanu pa tsamba lakuti la buku lake, ndipo The Secret of Monkey Island ya 1990 inkadza ndi kagudumu ka pepala kozunguza nkhope za achifwamba a panyanja. Koma makina okopera CD atatsika mtengo kumapeto kwa m'ma 1990, ogulitsa anafuna mlonda wokhoza kuyang'ana disiki mozama ndi kuzindikira ngati ili yeniyeni. Ndipo kuti atero anayenera kumulowetsa m'chigawo cha Windows chotchedwa kernel. Apa ndipo pagona nkhani yonse. Pulogalamu wamba, monga gemu, ikhala m'malire amene Windows yaiikira, ndipo ikalakwa igwa yokha. Koma driver wa mu kernel ali ndi ulamuliro wofanana ndi wa Windows mwini, aona memory yonse, akhoza kuzimitsa pulogalamu iliyonse ngakhale antivirus, ndipo akalakwa kompyuta yonse igwa naye pa sikirini yabuluu ija. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, pakuti womuponya mwala aswa mkhate womwe. Momwemonso chimene chakhala mu kernel sichichotsedwa mwachibwana.

SafeDisc, ya kampani ya Macrovision, inali m'magemu mazanamazana, ndipo driver wake, secdrv.sys, anafika pokhala m'kati mwa Windows XP yeniyeniyo, ngakhale kwa munthu amene sanagulepo gemu chibadwire. Mu Novembala 2007 a Microsoft anachenjeza kuti driver ameneyo anali ndi mpata umene anthu oipa ankalowerapo kale kukatenga ulamuliro wa kompyuta. Mu 2015 anamukaniratu mu Windows 10, namuzimitsanso mu Vista, 7 ndi 8. Ndipo chotsatira chake chinali chowawa, pakuti munthu woona mtima amene anasunga CD yake zaka 12 sanathenso kuisewera, pamene wokopera mwakuba, amene gemu yake inali itachotsedwa kale mlondayo, anapitiriza kusewera mosatekeseka.

StarForce, ya kampani ya ku Moscow, ndiyo inaopedwa koposa. Kulonda inkalonda ndithu: Splinter Cell: Chaos Theory, ya Ubisoft, inatha chaka ndi miyezi osathyoledwa. Koma inkaika ma driver ake osalongosola bwino, ma driverwo nkutsala gemu ikachotsedwa, ndipo osewera ambiri anadandaula kuti makina awo owerengera CD anayamba kuchedwa kapena kufa kumene. Eni ake anakana kwamtuwagalu, nalonjeza mphotho ya ndalama kwa aliyense amene angasonyeze kuwonongekako ku ofesi yawo ku Moscow, ndipo posaoneka wopita kumeneko anati mlandu watha. Anaopsezanso kusumira mlembi Cory Doctorow chifukwa chowadzudzula. Ndipo mu Malichi 2006 wantchito wawo wina, pofuna kusonyeza kuti gemu yopanda mlonda ibedwa, analozera anthu poyera kumene angakopere mwakuba Galactic Civilizations II ya kampani ya Stardock, chinthu chimene a StarForce anachita kupepesa. Mwezi womwewo Ubisoft inasumiridwa ku America chifukwa cha mlonda ameneyu, pa mlandu wa madola 5 miliyoni, ndipo mu Epulo inalengeza kuti yasiyana ndi StarForce.

Chochititsa manyazi koposa sichinadze ndi gemu, koma ndi nyimbo, ngakhale chinakhudza magemu m'njira yodabwitsa. Pa 31 Okutobala 2005 katswiri wa Windows, Mark Russinovich, anaulula kuti ma CD ena a nyimbo a Sony BMG, akalowa m'kompyuta, ankaikamo mobisa pulogalamu yotchedwa XCP, imene inkaphimba maso a Windows kuti isaone fayilo iliyonse ya dzina loyamba ndi $sys$. Mkulu wina wa kampaniyo, Thomas Hesse, anayankha pa wailesi kuti anthu ambiri sadziwa n'komwe chimene chinthucho chili, nanga adandaulirenji. Sipanapite masiku ambiri, olemba mavairasi anayamba kupatsa mafayilo awo dzina loyamba ndi zilembo zomwezo, nabisala pansi pa chofunda chimene Sony inawayalira; ndipo obera pa World of Warcraft nawo anachita chimodzimodzi pobisa zida zawo kwa Warden, mlonda wa gemuyo. Mlonda wa kampani imodzi anasanduka pobisalira pa adani a kampani inzake. Chifukwa chake pamene SecuROM, ya nthambi ina ya Sony, inadza ndi BioShock mu 2007 ndi Spore mu 2008, anthu anali atatsegula kale maso. Spore poyamba inkalola kuikidwa katatu kokha, bokosi lake silinatchule SecuROM, Electronic Arts inasumiridwa, ndipo gemu yomweyo yolondedwa chotero ndiyo inawerengedwa kuti inakoperedwa mwakuba koposa zonse chaka chimenecho.

Milandu ina ya zaka zotsatira tingoitchula mwachidule, pakuti ili ya mtundu umodzi. Mu Julayi 2012 Tavis Ormandy, wa ku Google, anapeza kuti Uplay ya Ubisoft inkaika kachidutswa m'pulogalamu yotsegulira intaneti, kamene tsamba lililonse likanatha kukalamula kuti kayendetse pulogalamu ina iliyonse m'kompyuta. Mu 2013 pulogalamu yoletsa kubera ya ESEA, bungwe la mipikisano ya Counter-Strike, inapezeka ikukumba Bitcoin mobisa m'makompyuta pafupifupi 14,000 a makasitomala ake, ndipo boma la New Jersey linathetsa mlanduwo pa chindapusa cha madola 1 miliyoni. Mu Febuluwale 2018 kunaululika kuti FlightSimLabs, yogulitsa ndege za m'magemu oyendetsa ndege, inaika m'pulogalamu yake yoikira kachida kotulutsa mapasiwedi osungidwa mu Chrome. Eni ake anati kankadzuka kwa akuba okha, ngati kuti mawu amenewo ndi chitonthozo kwa wogula amene sanauzidwe kanthu.

Pali gulu lachitatu, la iwo amene angobwereka dzina la onyamula katundu aja. Ndipo amenewa, tikawerenga makompyuta amene anavulazidwa, ndiwo achita zoopsa zambiri. Cha m'ma 2005 vairasi yotchedwa Zlob inafala pouza anthu kuti filimu siingaoneke pokhapokha aike codec yakutiyakuti. Pambuyo pake panabuka masamba a pa intaneti ogawa mafayilo a DLL limodzilimodzi, kudyera pa munthu amene gemu yamuuza kuti d3dx9_43.dll kapena MSVCP140.dll palibe, munthuyo alemba dzinalo pa Google, natenga choyamba chimene chaoneka, osadziwa amene anachikonza, pamene mankhwala enieni ali kwaulere pa tsamba la Microsoft. Mu Juni 2021 kampani ya Avast inaulula za Crackonosh, imene inabisala m'magemu othyoledwa monga Grand Theft Auto V, NBA 2K19 ndi The Sims 4, nilowa m'makompyuta oposa 222,000, nizimitsa antivirus ndi kukumbira eni ake ndalama za Monero zokwana pafupifupi madola 2 miliyoni. Chida chachikulu cha mavairasi otere kawirikawiri si luso la kulemba mapulogalamu. Ndi kakalata kaja kopezeka m'magemu othyoledwa, kolangiza mwaulemu kuti muyambe mwazimitsa antivirus, ndi chizolowezi cha anthu cha kumvera.

Kuno kwathu nkhani imeneyi ili pafupi kuposa ya StarForce, pakuti bandulo ndi yodula, ndipo gemu yaikulu kawirikawiri siichokera ku Steam, koma iyenda pa flash ndi pa hard drive kuchokera kwa mnzako, amene anaitenga kwa mnzake, amene anaitenga kwa mnyamata wokopera mafilimu kumsika. Pofika kwa munthu wachisanu palibe wodziwa gwero lake. Gemu yeniyeni ikhala ndi foda ya Redist kapena _CommonRedist, m'mene muli mapulogalamu oikira DirectX ndi Visual C++, ndipo fayilo yeniyeni ya Microsoft inyamula siginecha imene munthu angaione mu Properties. Ikasinthidwa ngakhale pang'ono, siginechayo isweka, ndipo kabokosi ka Windows kanena kuti wofalitsa sadziwika. Kuyang'ana kumeneku sikutha mphindi imodzi. Safunsa anadya phula. Ndipo ngakhale msika waukulu suli woyera kotheratu, pakuti mu Febuluwale 2025 a Valve anachotsa pa Steam gemu yaulere yotchedwa PirateFi itapezeka ndi pulogalamu yoba mapasiwedi.

Masiku ano ma CD anatha, ndipo mlonda wa disiki anapita nawo; koma malo ake mu kernel sanakhale opanda mwini, pakuti analowamo mlonda wa mtundu wina, woletsa kubera pa magemu a pa intaneti. Mlandu wa ameneyu ngwovuta kuweruza, chifukwa amene amamulira ndi osewera eni ake. PunkBuster anayamba mu 2000 ndi Valve Anti-Cheat mu 2002, anthu atatopa ndi anzawo oona kupyola makoma ndi owombera osaphonya. Koma ogulitsa zida zoberazo, amene malonda awo ndi a ndalama zambiri, anatsikira mu kernel kumene pulogalamu wamba siingawaone, ndipo owasaka anayenera kuwatsata komweko. Walira mvula walira matope. Mu Seputembala 2016 kampani ya Capcom inatumiza kwa osewera Street Fighter V driver wotchedwa Capcom.sys, wolembedwa mosasamala kotero kuti pulogalamu iliyonse ikanatha kumupempha kuti aiyendetsere malamulo ake mu kernel, iye nkuvomera. Anamubweza m'masiku ochepa, koma fayilo ikatuluka siibwerera, ndipo popeza inali ndi siginecha yovomerezeka, obera ndi olemba mavairasi anaisunga ndi kuigwiritsa ntchito zaka zambiri. Mu Ogasiti 2022 kampani ya Trend Micro inalongosola za achifwamba otsekera anthu mafayilo ndi kufuna dipo, amene ananyamula mhyprot2.sys, driver woletsa kubera wa Genshin Impact, namuika okha m'makompyuta a kampani ina kuti awaphere antivirus. Ovulazidwawo sanafunikire kukhala ndi gemuyo n'komwe. Pofuna kutseka njira imeneyi, a Microsoft asunga mndandanda wa ma driver oletsedwa, umene kuyambira 2022 ukhala woyatsidwa kale mu Windows 11.

Vanguard, ya Riot Games, imene inadza ndi gemu ya Valorant mu Epulo 2020, inapitirira anzake onse pakudzuka pamodzi ndi kompyuta, gemu isanatsegulidwe, ndi kukhalabe maso ngakhale tsiku limene munthu sasewera. M'masabata oyamba inatsekereza mapulogalamu ena oyezera kutentha kwa kompyuta ndi oyendetsa mafani, anthu nakwiya. Koma tiyenera kuchitira a Riot chilungamo: sanabise chimene anaika, anafotokoza chifukwa chake, anapereka njira yochizimitsira ndi yochichotsera, nalonjeza mphotho yofika madola 100,000 kwa wopeza mpata m'menemo. Ndiko kusiyana kwa iwo ndi Sony BMG, ndipo m'maso mwanga si kusiyana kwakung'ono. Chotsala n'chakuti wolola chinthu chotere waika kompyuta yake yonse pa luso la anthu amene sadzawaona, ndipo ngakhale aluso aphonya: pa 19 Julayi 2024 fayilo imodzi yolakwika ya CrowdStrike, kampani ya chitetezo imene driver wake akhala mu kernel momwemo, inagwetsa makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala zinaima. Chifukwa chake kompyuta imene munthu asungiramo ndalama za bizinesi kapena mafayilo a kuntchito siyenera kuyankha funsoli monga iyankhira kompyuta ya masewero okha.

Mu Okutobala 2024 a Valve analamula kuti gemu iliyonse ya pa Steam yoika pulogalamu yoletsa kubera mu kernel izinena zimenezo poyera pa tsamba lake logulitsira, kuti munthu adziwe asanalipire. Apa panali patapita zaka 19 chiululire Russinovich za XCP. Zopemphazo sizinachepe, koma zakwera: Valorant pa Windows 11 ifuna TPM 2.0 ndi Secure Boot, ndipo Battlefield 6 ya 2025 inatumiza anthu ambiri ku BIOS, kumene sanafikeko chiyambire, kukayatsa Secure Boot yomweyo. Mu Ogasiti chaka chimenecho, pa masiku oyesera gemuyo, osewera ena anapeza uthenga wowauza kuti ayambe achotsa Valorant, popeza Javelin ya Electronic Arts, yolondera Battlefield 6, ndi Vanguard ya Riot zinkalimbirana malo amodzimodzi a memory, iliyonse ikuyesa inzake wakuba. Ndipo a Riot anachita kutuluka poyera kukalongosola kuti kuchotsa sikufunika, bola munthu asatsegule magemu awiriwo pa nthawi imodzi.